Funsani Aphunzitsi: Njira ndi imodzi, nanga maola akusiyaniranji?

Zikomo aphunzitsi,

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku London. Posachedwapa abwana ake anamutuma kumsonkhano ku New York, ndipo ananditumizira chithunzi cha tikiti yake pafoni kuti ndizimupempherera ali m'njira. Tikitiyo inalemba kuti popita anyamuka 11 koloko m'mawa n'kukafika 2 koloko masana. Ndinawerenga ndi zala, ndinapeza maola atatu. Pobwerera inalemba kuti anyamuka 7 koloko madzulo n'kufika 7 koloko m'mawa, maola 12. Sindinagone usiku umenewo poganiza kuti mwina amukweza ndege yakutha, kapena yomangoima m'njira. Atafika anandiuza kuti popita anakhala m'ndege maola pafupifupi 8, pobwera pafupifupi 7. Apa ndiye mutu wanga waima. Kodi tikiti inanama? Ndipo ngati mwanayu akunena zoona, njira imodzimodzi ingatalike bwanji popita n'kufupika pobwera? Alamu anga akuti n'chifukwa choti dziko limazungulira pansi pa ndege.

Mayi wodabwa

Amayi,

Pepani ndi usiku umene munachezera uja. Tikiti sinaname, mwana wanunso sananame. Alamu anu ndi amene aphonya, ngakhale m'mawu awo muli kachoonadi kena kamene ndikafikeko kutsogoloku.

Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ya ndege ndi ya wotchi ya pamalo pomwepo. Yonyamukira ndi ya mumzinda umene munthu akuchoka, yofikira ndi ya mumzinda umene akupita. Dzuwa silituluka nthawi imodzi padziko lonse. Dziko lapansi limazungulira kamodzi pa maola 24, ndipo popeza kuzungulira kwathunthu ndi madigiri 360, ola lililonse limadya madigiri 15. Mzinda wa London uli pamzere woyambira kuwerenga, umene umadutsa pa Greenwich, ndipo mayiko anagwirizana za mzere umenewu pamsonkhano wa ku Washington mu 1884. Mzinda wa New York uli madigiri pafupifupi 74 kumadzulo kwa mzerewo, choncho wotchi yake imatsalira ndi maola 5. Pamene mwana wanu amatsika ndege 2 koloko masana ku New York, anzake amene anawasiya ku London anali ataweruka kalekale, chifukwa kumeneko inali 7 koloko madzulo. Kuchokera 11 m'mawa kufika 7 madzulo ndi maola 8. Pobwerera, 7 koloko madzulo ya ku New York inali 12 koloko usiku ku London, ndipo kuchokera pakati pa usiku kufika 7 m'mawa ndi maola 7. Akadzakutumizirani tikiti ina, muyambe mwasandutsa nthawi zonse ziwirizo kukhala za wotchi imodzi, kenaka muwerenge ndi zala zanu zija. Chenjerani pang'ono m'mwezi wa March ndi kumapeto kwa October. Britain ndi America amasuntha mawotchi awo ndi ola limodzi m'nyengo yotentha, koma sasuntha tsiku limodzi, ndiye pamakhala milungu ingapo imene kusiyana kuja kumatsika kufika pa maola 4.

Chimene chandichititsa kuika kalata yanu patsogolo ndi ola limodzi lotsalalo, 8 popita ndi 7 pobwera. Limeneli si la mawotchi, ndi lenileni, ndipo mwana wanu analimva m'msana.

Kuchokera pabwalo la ndege la Heathrow ku London kukafika pabwalo la John F. Kennedy ku New York pali makilomita pafupifupi 5,550. Mtunda umenewu susintha, kaya mukupita kaya mukubwera. Ndege zazikulu zonyamula anthu zimauluka pa liwiro la makilomita 850 mpaka 900 pa ola, zili m'mwamba makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi. Mwana wasukulu atagawa 5,550 ndi 900 apeza maola 6 ndi mphindi 10, n'kuganiza kuti wamaliza. Pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa jogalafe, apa ndi pamene ndinkaimitsa kalasi. Liwiro la 900 lija ndi la ndege mkati mwa mpweya umene ikusambiramo, osati liwiro limene ikudutsira nthaka kapena nyanja ili pansipo. Mpweyawo nawonso uli paulendo wake.

Munthu wopalasa bwato pamtsinje amazidziwa bwino zimenezi. Mikono ndi yomweyo, nkhafi ndi yomweyo, koma potsika ndi madzi amafika msanga, pokwera amatuluka thukuta mitengo ya m'mphepete ikuoneka ngati sikusuntha. M'mwambamo mulinso mitsinje, koma ya mphepo. Anthu a zanyengo amaitcha jet stream. Ndi mphepo yopapatiza, yothamanga, imene imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, m'mwamba momwemo mmene ndege zimadutsa. Kawirikawiri imathamanga makilomita 150 mpaka 250 pa ola, ndipo m'nyengo yozizira ya kumpoto nthawi zina imapitirira 300. Pamwamba pa nyanja ya Atlantic imachokera mbali ya America kulowera ku Ulaya. Popita ku New York mwana wanu ankakwera mtsinje, pobwera ankatsika nawo.

Tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti mphepo ikuwomba makilomita 150 pa ola njira yonse. Ndege yopita ku London iphatikiza 900 ndi 150, idzidutsa nyanja pa 1,050, ndipo ifika pa maola 5 ndi mphindi 17. Yopita ku New York ichotsa 150, itsala ndi 750, ndipo itenga maola 7 ndi mphindi 24. Onani chinthu china chimene ambiri sachiona. Popanda mphepo, kupita ndi kubwera kukanatenga maola 12 ndi mphindi 20, koma ndi mphepo kwatenga maola 12 ndi mphindi 41. Zimene mphepo imakupatsani pobwera sizikwanira kubweza zimene inakulandani popita, chifukwa nthawi imene mumakhala mukulimbana nayo ndi yaitali kuposa imene imakhala ikukukankhani.

N'chifukwa chake oyendetsa ndege sangotsata mzere umodzi tsiku ndi tsiku. Pamwamba pa Atlantic misewu ya ndege imalembedwa mwatsopano tsiku lililonse potengera kumene mphepo yagona. Oyang'anira ndege a ku Gander, m'dziko la Canada, amakonza misewu ya ndege zopita kum'mawa usiku, ndipo anzawo a chigawo chotchedwa Shanwick, chimene Britain ndi Ireland amachiyendetsa limodzi, amakonza ya ndege zopita kumadzulo masana. Zopita ku Ulaya zimalowa dala m'kati mwa mphepoyo. Zopita ku America zimaizemba, kudzera chakumpoto kapena chakum'mwera kwake, ngakhale kutero kutalikitse njira. Ndege imalolera kuwonjezera makilomita kuti ipulumutse mphindi ndi mafuta.

Ine ndinawolokapo nyanja imeneyi ulendo umodzi wokha, ndipo pobwerera sindinagone. Maso anga anali pa kasikirini ka kumbuyo kwa mpando wa kutsogolo, kamene kamaonetsa pamene ndege yafika. Ndinaona nambala ya liwiro ikukwera mpaka kudutsa 1,000, pamene injini zinkalira chimodzimodzi ngati kale ndipo madzi a m'kapu yanga sankagwedezeka n'komwe. Chinthu chimene ndinachijambula pabolodi ndi choko kwa zaka zambiri ndinali nditakhala m'kati mwake, chikundinyamula. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umagunda.

Mphepoyi ikakwiya imachita zodabwitsa. Usiku wa pa 8 kuchezera pa 9 February 2020, pamene mkuntho wotchedwa Ciara unkalowa ku Britain, ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747 inachoka ku New York n'kutera ku London patangotha maola 4 ndi mphindi 56. Panthawi ina inkadutsa nyanja pa liwiro loposa makilomita 1,300 pa ola. Ena anafalitsa kuti inathamanga kuposa mawu, koma ayi. Mkati mwa mpweya inali pa liwiro lake la masiku onse, mtsinje ndi umene unasefukira. Ndege yonyamula anthu imene inkathamangadi kuposa mawu panjira imeneyi inali Concorde, imene inkauluka makilomita oposa 2,100 pa ola. Pa 7 February 1996 inachoka ku New York kufika ku London pa maola 2, mphindi 52 ndi masekondi 59. Inasiya kuuluka mu 2003, ndipo chichokereni iyo ulendowu sunafupikenso.

Munthu amene ndimafuna kuti adziwike kwambiri pa nkhani imeneyi ndi Wasaburo Oishi, katswiri wa zanyengo wa ku Japan. M'zaka za m'ma 1920 ankaulutsa mabaluni n'kumawatsatira ndi zipangizo zake, mpaka anatsimikiza kuti m'mwamba muli mphepo yamphamvu yolowera kum'mawa. Zimene anapeza anazilemba m'chinenero cha Esperanto, chinenero chochita kupangidwa ndi munthu, pofuna kuti anthu a mitundu yonse awerenge, koma anawerenga ndi ochepa. Dziko linadzadzidzimuka pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, oyendetsa ndege zankhondo za America atakumana ndi mphepoyo pamwamba pa Japan mu 1944. Komatu zizindikiro zinalipo kale. John Alcock ndi Arthur Brown anawoloka Atlantic osatera paliponse mu June 1919, kuchokera ku Newfoundland kukafika ku Ireland, pa maola osakwana 16. Ankalowera kum'mawa. Kuti ndege ya mapiko iwoloke mosatera kulowera kumadzulo panadutsa zaka pafupifupi 9. Inali ndege yotchedwa Bremen, mu April 1928, ndipo inatenga maola oposa 36. Iwowa ankauluka m'munsi, kutali ndi jet stream, koma ngakhale m'munsimo mphepo ya panyanja imeneyi imakonda kuchokera kumadzulo.

Tsopano za alamu anu. N'zoona kuti dziko limazungulira, ndipo limathamanga. Pa ikweta nthaka imayenda makilomita pafupifupi 1,670 pa ola kulowera kum'mawa, ndipo pamene pali London imayenda oposa pang'ono 1,000. Koma dziko likanakhala kuti limapulumuka pansi pa ndege, ulendo wopita kumadzulo ndi umene ukanafupika, chifukwa mzinda wa New York ukanabwera wokha kudzachingamira ndegeyo. Zimene mwana wanu anaona ndi zosemphana ndi zimenezo. Mpweya umazungulira limodzi ndi dziko, ndipo ndege imanyamuka ili kale ndi liwiro la nthaka imene yachokapo. Ntchentche youluka m'basi yothamanga simenyedwa ndi galasi lakumbuyo. Kachoonadi ka alamu anu kali apa: mpweya wotentha wa ku ikweta umakwera n'kulowera kumadera ozizira, ndipo kuzungulira kwa dziko ndi kumene kumaupotoza kuti uziwomba cha kum'mawa. Ndiye kuzungulirako kumabala mphepo, mphepoyo ndi imene imasintha maola. Mukawauza mwaulemu chonchi sakhumudwa.

Chotsala n'chaching'ono. Maola a pa tikiti amayambira pamene ndege yachoka pamalo okwerera mpaka pamene yaima pamalo otsikira. Amaphatikiza kuyenda pansi, kudikira pamzere wonyamukira, ndi kuzungulirazungulira m'mwamba podikira mpata wotera, zimene zimachitika kawirikawiri pa Heathrow m'mawa. Makampani amawonjezeranso mphindi zina zodzitetezera. Choncho mwana wanu akadzakuimbirani kuti wafika nthawi isanakwane, musadabwe, ndipo akachedwa ndi theka la ola musayambe kulira.

Aphunzitsi,

Ndine mnyamata wa kusekondale. Achimwene anga anajambula mapu a m'ndege pamene ankachoka ku Dubai kupita ku Los Angeles. Ndegeyo inakwera mpaka kumtunda kwenikweni kwa mapu, kumadzi oundana, kenaka n'kutsikira ku America. Bwanji osangowongoka? Si kuwononga mafuta kumeneko? Ndiponso ulendo wautali kwambiri wa ndege padziko lapansi ndi uti?

Wophunzira wachidwi

Mwana wanga,

Ndegeyo inawongoka. Chopindika ndi mapu.

Usandikhulupirire ine, yesa wekha. Tenga mpira wa mapu uja umene umakhala m'kalasi kapena mulaibulale, wotchedwa gulobu. Ngati palibe, tenga mpira wosewerera n'kulembapo madontho awiri motalikirana. Tenganso ulusi. Ika nsonga imodzi pa Dubai, ina pa Los Angeles, ukoke mpaka ulusi ulimbe. Uona kuti sukudutsa pa Africa ndi nyanja ya Atlantic monga momwe rula ingasonyezere pa mapu a pakhoma. Ukwera kumpoto, udutsa pafupi ndi North Pole, nsonga ya kumpoto kwa dziko lapansi, n'kutsikira ku Canada. Ulusi wokoka sunganame, umagona panjira yachidule. Njira imeneyo ndi ya makilomita pafupifupi 13,400, ndipo ndege imaiyenda maola ngati 16. Ukayesa kuukankhira ulusiwo kuti utsate mzere wa rula uja, uona kuti waperewera.

Vuto ndi lakuti chinthu chobulungira sichingayalidwe papepala osachikoka penapake. Mapu amene ambiri tinawazolowera amatsata njira ya Gerardus Mercator, amene anatulutsa mapu ake mu 1569. Anawapangira amalinyero, ndipo pa ntchito imeneyo ndi abwino zedi, chifukwa mzere wowongoka pa mapuwo umatanthauza kuti kampasi yako iziloza mbali imodzi osasintha. Mtengo wake ndi wakuti madera a kufupi ndi nsonga za dziko amafufuma. Pa mapu otero Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, pamene Africa ndi wamkulu kuwirikiza pafupifupi ka 14. Zimandipweteka kuti ana ambiri amamaliza sukulu asanagwirepo gulobu ndi manja awo, ndiye amakula ndi dziko lolakwika m'mutu. Mphunzitsi aliyense wa jogalafe amene akuwerenga tsamba lino, chonde tulutsani mpirawo m'kabati, ana aukhudze.

Ukayesa ulusi wako pa mizinda ina uona zomwezo. Wa New York ndi London udutsa ku Nova Scotia ndi Newfoundland usanafike ku Ireland. Kum'mwera kwa ikweta zinthu zimatembenuka, njira imapindikira kumunsi kwa mapu. Kuchokera ku Johannesburg kupita ku Sydney ndi makilomita pafupifupi 11,000, ndipo ulusi umatsetserekera kum'mwera kwa nyanja ya Indian. Popita ku Sydney mphepo imathandiza, ulendo umakhala wa maola ngati 12. Pobwerera ku Johannesburg umafika maola 14, ndipo pozemba mphepo ndege nthawi zina imatsika kum'mwera kwambiri mpaka apaulendo kuona madzi oundana a kufupi ndi Antarctica pawindo.

Funso lako lachiwiri lili ndi malire amene ungawapeze wekha. Dziko lapansi, ukalizungulira pa ikweta, ndi makilomita 40,075. Ndiye palibe malo awiri amene angatalikirane kuposa theka lake, makilomita pafupifupi 20,000. Ukapitirira pamenepo wayamba kubwerera kudzera mbali inayo. Spain ndi New Zealand ndi chitsanzo cha mayiko amene ali pafupifupi msana ndi msana chotero.

Pa maulendo a tsiku ndi tsiku osatera panjira, umene wakhala ukutsogola m'zaka zapitazi ndi wa Singapore Airlines, pakati pa Singapore ndi New York. Ndi makilomita oposa 15,300, ndipo ndege ya Airbus A350-900ULR imakhala m'mwamba maola 18 mpaka 19. Chimene chimandisangalatsa pa ulendo umenewu n'chakuti ulusi umaloza ku North Pole, koma ndegeyo nthawi zambiri siutsata. Popita ku New York imakonda kudzera pa nyanja ya Pacific, ndipo pobwerera kawirikawiri imawoloka Atlantic n'kudutsa ku Ulaya ndi ku Asia. Ndiye kuti maulendo onse awiri imalowera kum'mawa, mphepo ili kumsana, n'kuzungulira dziko lonse. Njira ya makilomita ochepa ndi njira ya maola ochepa si nthawi zonse zimakhala njira imodzi.

Kampani ya Qantas ya ku Australia inayamba ulendo wosatera wa Perth ndi London mu March 2018, makilomita pafupifupi 14,500 pa maola ngati 17. Mu November 2019 inayesa kuulutsa ndege kuchokera ku London mpaka ku Sydney, makilomita pafupifupi 17,000, itanyamula anthu ochepa kuti ipepuke, ndipo inatenga maola 19 ndi mphindi 19. Mu 1947, pamene kampani yomweyi inkayamba kuyendetsa yokha ulendo wa Sydney ndi London, unkatenga masiku 4, ndege ikutera m'malo monga Darwin, Singapore, Calcutta, Karachi ndi Cairo. Chimene chimavuta pa maulendo aatali chotere ndi mafuta. Ndege imayenera kunyamula mafuta onse a ola lomaliza kuyambira ponyamuka, ndipo kunyamula mafutawo kumadyanso mafuta ena. N'chifukwa chake ndege ya Singapore ija ili ndi mipando yochepa kuposa zinzake za msinkhu womwewo.

Pitiriza kufunsa chonchi, ndipo ukayesa za ulusi zija undilembere zimene wapeza pa Tokyo ndi Los Angeles. Ndikukuuziratu chimodzi chokha: munthu amatha kuchoka ku Tokyo madzulo n'kufika ku Los Angeles m'mawa wa tsiku lomwelo. Upeze chifukwa chake.

Aphunzitsi,

Mnzanga wina amene amayenda kwambiri pa ntchito akuti masiku ano ulendo wochoka ku Ulaya kupita ku Japan watalika ndi maola angapo, chonsecho ndege ndi zamakono kuposa kale. Ine ndikuti akukokomeza. Mizinda siisuntha. Tiweruzeni.

Bambo wokayika

Achimwene,

Mnzanuyo mumupepese. Mizinda siisuntha, n'zoona, koma m'mwamba mulinso malire. Thambo la pamwamba pa dziko lililonse ndi la dzikolo, ndipo ndege yachilendo imadutsamo mwa chilolezo.

Russia atalowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine mu February 2022, mayiko a ku Ulaya anatsekera ndege za ku Russia thambo lawo, ndipo Russia anabwezera. Tengani ulusi umene ndauza mnyamata uja muuike pa Helsinki, likulu la Finland, ndi Tokyo. Pafupifupi wonse ugona pa Siberia. Kampani ya Finnair ya ku Finland inkayenda ulendo umenewu pa maola ngati 9, ndipo inamanga malonda ake ambiri pa chidule chimenechi. Njirayo itatsekedwa, ulendo womwewo unafika maola 13, ndege ikudzera pamwamba pa North Pole ndi Alaska kapena kuzungulira chakum'mwera kwa Russia. Maola 4 owonjezerawo ndi mafuta ambiri, ogwira ntchito m'ndege ochuluka, ndi anthu otopa. Makampani a mayiko amene amaloledwabe kudutsa ku Russia amafika msanga pa mizinda yomweyo. Choncho anthu awiri akhoza kuchoka mumzinda umodzi, kupita kumzinda umodzi, n'kusiyana maola chifukwa cha mbendera yojambulidwa kumchira kwa ndege.

Izi si zachilendo. Kuyambira 1963, mayiko ambiri a mu Africa amene anali atalandira ufulu anakaniza ndege za South African Airways kudutsa m'thambo lawo chifukwa cha ulamuliro watsankho wa apartheid. Ndege zopita ku Ulaya zinkachita kulambalala, kutsata nyanja ya Atlantic n'kuzungulira chigongono chonse cha kumadzulo kwa Africa, ndipo zambiri zinkatera pachilumba cha Sal ku Cape Verde kukathira mafuta. Zinakhala choncho mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ine ndimaona kuti mayikowo anachita bwino. Anali osauka, analibe zida zoopsera boma limenelo, koma thambo linali lawo, ndipo anaonetsetsa kuti aliyense wokwera ndege imeneyo azimva mtengo wa tsankho pa wotchi yake.

Palinso lamulo lina, lachitetezo, limene limapinda njira. Ndege ya injini ziwiri imayenera kukhala pamtunda woti injini imodzi itazima, ikhoza kufika pabwalo lina ndi yotsalayo. Kale malire anali mphindi 60 zokha, ndiye nyanja zikuluzikulu zinkawolokedwa ndi ndege za injini zitatu kapena zinayi. Injini zitayamba kudalirika, malirewo anakwezedwa kufika mphindi 120, kenaka 180, ndipo ndege zina zatsopano monga Boeing 787 ndi Airbus A350 zimaloledwa mphindi zoposa 300. Apa ndiye maulendo ena afupikadi, chifukwa ndege zikutha kuyandikira njira ya ulusi ija pamwamba pa nyanja zopanda zilumba.

Ngati mukufuna ulendo umene masamu anu a "mizinda siisuntha" angagwire bwino, onani wa Johannesburg ndi London lero lino. Ndi makilomita pafupifupi 9,000, kuchokera kum'mwera kupita kumpoto, ndiye mphepo ya kumadzulo ija imangoidutsa ndege cham'mbali osaikankha kapena kuibweza kwenikweni. Popita maola ngati 11, pobwera ngati 11, ndipo mawotchi a mizinda iwiriyi amasiyana ola limodzi kapena awiri okha malinga ndi nyengo. Munthu amakwera madzulo, n'kutsika m'mawa thupi lake likugwirizana ndi dzuwa. Koma ngakhale pamenepa muyang'ane bwino tikiti musanagule. Ikalemba maola 18 kapena 20 pa mizinda yomweyi, ndiye kuti muli kusintha ndege panjira, mwina ku Dubai, ku Doha kapena ku Addis Ababa, ndipo ena mwa maola amenewo mudzawathera pampando wa pabwalo la ndege mukudikira.